Masitepe Asanu a Bambo Tepi

Dzina lawo lenileni linali pa chitupa ndi pa kalata ya ukwati basi. Kwina konseko ankangoti a Tepi, chifukwa kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitatha mutu wonse, tepi yoyezera sinachoke m'khosi mwawo. Ankapita nayo kumsika, kumaliro, ngakhale kwa dokotala wa mano. Akazi awo ankati tsiku la ukwati anachita kuwalanda, koma pa chithunzi chimene chili pabalaza kansonga kake kachikasu kakuonekabe katasuzumira m'thumba la jekete.

Utelala anauphunzira kwa amalume awo, munthu wouma mtima amene ankatola tizidutswa ta nsalu pansi n'kufunsa kuti watidula ndani. Ukadula mopyola pang'ono, unkamva lula pa zala. Kumeneko ndi kumene a Tepi anatenga chikhulupiriro chimene anakhala nacho moyo wawo wonse, choti munthu aliyense ali ndi muyezo wake, ndipo chinthu chopangidwa kuti chikwane aliyense ndi chinyengo. Zovala zosokeratu za m'sitolo ankadana nazo ngati zinawaphera m'bale. Akakumana ndi munthu wovala suti yogula, ankamuyang'ana m'mapewa ndi chisoni chenicheni, kenako n'kumufunsa ngati mwini wake wa sutiyo akudziwa kuti yatuluka.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawatsutsapo pa muyezo n'kupambana. Anali mtsikana wamfupi, wosalankhulalankhula, amene anabwera kudzasoketsa diresi la buluu. Atalivala anaima pagalasi nthawi yaitali, kenako anati manja ake atalika ndi theka la inchi. A Tepi anapsa mtima, anayezanso pamaso pa anthu kuti amuchititse manyazi, ndipo theka la inchilo linalipodi. Sabata yonse chakudya sichinalowe. Njira yokhayo imene anaiona yoti nkhaniyo isafalikire m'tauni inali kumukwatira mtsikanayo, ndipo anachitadi zimenezo. Zinadutsa zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo a Tepi, amene ankadziwa pamtima chiuno cha munthu aliyense mumsewu wawo, sankadziwa pamene pamakhala mchere m'nyumba mwawo momwe.

Ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja ya mabanja asanu ndi atatu, awiri pa nsanjika iliyonse. Iwo ndi amene anayamba kugula, simenti isanaume n'komwe, ndipo anasankha pamwamba kuti pasapezeke munthu wowayendera pamutu. Pokwerera panali pamodzi, pakati pa nyumbayo: masitepe makumi atatu kukafika pakhomo pawo, ndi ena khumi opitirira kukafika pa kachitseko ka padenga, kumene kunali thanki ya madzi.

Monga zimakhalira m'nyumba zotere, banja lililonse linkapereka kangachepe mwezi ndi mwezi kokonzera zinthu za onse. Mbali ina inkapita ku thanki ndi denga, ina kwa otaya zinyalala, ina ku masitepe, kutanthauza mababu, penti, chitsulo chogwirira, ndi mayi wina amene ankabwera kudzakolopa Lachiwiri ndi Lachisanu. Wapampando wa komiti anali aphunzitsi a pa nsanjika yachiwiri, bambo wamtali, woleza mtima mpaka kukwiyitsa. A Tepi sikuti ankakana kupereka. Ankapereka tsiku loyamba la mwezi asanamwe ndi tiyi yemwe. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti aliyense ankapereka zofanana. Mayi wa saluni wa pa nsanjika yachitatu, amene ana ake asanu ankathamanga pa masitepe ngati pali chowathamangitsa, ankapereka chimodzimodzi ndi iwo, nkhalamba ziwiri za nsapato zofewa. Kwa a Tepi imeneyo inali suti ya m'sitolo.

Zaka zonse zimene anali ndi kashopu kawo ka pakona, nkhaniyi inkathera m'kung'ung'udza. Koma maso atayamba kufooka anatseka shopu, makina osokera anakwera kunyumba, ndipo ntchito inatsala ya makasitomala akale ochepa amene mimba zawo zinali zitasiya kusintha. Palibe munthu woopsa m'nyumba yosanja kuposa amene wapuma pa ntchito akadali ndi mphamvu. A Tepi anali ndi tepi m'khosi, tsiku lathunthu m'manja, ndipo choyeza chinali chitawathera.

Aphunzitsi anayesetsa kuwafotokozera kuti munthu akagula nyumba m'malo ngati amenewo wagulanso kachigawo ka chilichonse chimene chili kunja kwa chitseko chake, kungoti kachigawoko sikaoneka ndi maso. Pa mawu onsewo a Tepi anangotolapo amodzi, oti kachigawo. Chinthu chimene chili ndi chigawo chimayezeka. Loweruka lotsatira anthu anawapeza atagwada pa masitepe ndi tepi ndi choko chawo cholembera nsalu, ndipo pa msonkhano wa mwezi umenewo anabwera ndi pepala. Masitepe makumi anayi, mabanja asanu ndi atatu, ndiye kuti banja lililonse masitepe asanu, pamodzi ndi chitsulo chake, khoma lake ndi babu lake. Chopereka cha masitepe chichotsedwe, aliyense asamale ake.

Zopusa zambiri zimadutsa pa msonkhano osati chifukwa anthu azikonda, koma chifukwa akufuna kubwerera kwawo. A Tepi anabwera ndi pepala lomwelo misonkhano isanu ndi iwiri. Pa wachisanu ndi chitatu adalaivala a takisi okhala pansi penipeni, amene masitepewo sankawakwera n'komwe ndipo anali ndi kasitomala akudikira, anayang'ana wotchi n'kukweza mkono. Ena onse anatsatira. A Tepi anawonjezera malamulo awiri ndi dzanja lawo lokongola. Loyamba linkati munthu asakhudze sitepe la mnzake, kaya kulisesa kaya kulikonza, chifukwa chisokonezo chimayambira pamenepo. Lachiwiri linkati posankha ayambe amene anayamba kugula nyumba.

Woyamba kugula tamutchula kale. A Tepi anaimirira, anakonza tepi m'khosi, n'kusankha masitepe asanu omaliza, a kumwamba kwenikweni, otsamira kachitseko ka padenga, kumene kunkafika munthu mmodzi yekha, wa mapaipi, kawiri pachaka. Analowa m'nyumba akuimba mluzu. Akazi awo anamvetsera nkhani yonse akupinda zochapa, ndipo itatha anangofunsa ngati ndiye kuti akusamukira kudenga. A Tepi anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala.

Zimene zinawachitikira masitepewo m'zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira n'zomvetsa chisoni, koma kuseka sikulephereka. Aphunzitsi, amene anagula nyumba pomaliza, anatsala ndi asanu oyambirira, opondedwa ndi munthu aliyense ndi matope ake. Chaka choyamba ankakolopa tsiku lililonse, chachiwiri sabata iliyonse, chachitatu anangomata pepala lopempha anthu kupukuta mapazi, ndipo pepalalo litagwa linapondedwanso. Mayi wa saluni anapenta ake pinki n'kulembapo mitengo yolukira tsitsi, sitepe lililonse sitayilo yake. Pa chitsulo chake ankayanikapo matawulo onyowa mpaka chinachita dzimbiri n'kuyamba kugwedera ngati dzino la mwana. Adalaivala anagweredwa ndi a pakati pa nsanjika yachiwiri ndi yachitatu, ndipo sanapiteko n'kamodzi komwe kukawalonjera. Babu lawo linapsa mwezi wachitatu. Chitsulo chawo chinazuka tsiku lina anthu akukweza firiji, ndipo chinatsamiritsidwa pakhoma mwaulemu kudikira mwini wake. Pamalo amenewo panali mdima ngakhale masana, moti anthu ankapadutsa akukhosomola kuti asagundane.

Koma mukanafika kwa a Tepi mukanavula nsapato. Polishi wofiira ankapakidwa sabata iliyonse. M'mphepete mwa sitepe lililonse munali mzere woyera wowongoka ngati mpendero wa thalauza. Chitsulo chogwirira anachisokera chovala cha veleveti yotsala pa makatani a kasitomala wina, chokhala ndi zipi kuti chizichapidwa. Panali ndi kamphika ka maluwa komwe. Alendo akabwera, asanawapatse mpando ankayamba awakweza kumeneko kuti akaone mmene munthu amasamalira chake. Akazi awo okha ndi amene sanakwereko. Ankati masitepe makumi atatu ndi dengu la kumsika awakwanira, owonjezerawo akwere amene ali ndi mawondo.

Anthu ambiri amafuna kuti nkhaniyi ikhale yoti mayiwo anagwera pa masitepe a mdima aja, chifukwa ikanakoma kukamba. Sizinatero. Anagwa m'khitchini mwawo momwe, atakwera pa kampando kuti afikire chitini cha shuga, chimene a Tepi anachisamutsira pa shelefu ya pamwamba poti ndi pamene chinkakwana bwino. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anawatsitsa anthu anayi pa bulangeti, ndipo pofika pa masitepe a adalaivala mmodzi anachita kuluma foni kuti iwalitse. Opaleshoni inayenda bwino. Masabata atatu a Tepi ankapita kuchipatala m'mawa ndi masana, n'kubwerera ku nyumba ya zii, kumene ankamwa tiyi wopanda shuga chifukwa chitini chija sankafunanso kuchiona.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, namwino, wokhala kutali ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, m'nyumba yapansi yopanda sitepe ndi limodzi lomwe. Anatengera kufupika kwa mayi ake ndi liuma la bambo ake. Lolemba la sabata imene mayi ankatuluka m'chipatala, mwanayo anafika, anawatenga bambo akewo n'kuyamba nawo kuchokera pansi, sitepe ndi sitepe, akugwedeza chitsulo chilichonse. Cha mayi wa saluni chinalira. Pa adalaivala anatambasula mkono n'kugwira mphepo. A Tepi anayesa kumukokera kumwamba kuti akaone awo.

"Bambo, amayi sakagona pa thanki," anatero mwanayo. "Akutuluka Loweruka. Akapeza kuwala ndi pogwira kuyambira pansi mpaka pakhomo, akwera. Apo ayi ndiwatenga, ndipo sindikunena za mwezi umodzi."

A Tepi anafunsa kuti nanga iwowo. Mwanayo anati chipinda cha alendo chili ndi bedi limodzi laling'ono, ndipo iwo akhoza kumabwera kudzazonda. Atachoka, a Tepi anakhala pa sitepe la eni ake, zimene malamulo sankaletsa, ndipo anachita mantha enieni. Nyumba ija popanda mayiwo anali ataiona kale masabata atatu, ndipo sanaikonde ngakhale pang'ono.

Nzeru yoyamba imene inawabwerera inali ya telala, yoti nsalu ikaperewera umaisuntha. Anakwera kumwamba, anamasula chitsulo chawo cha veleveti n'kutsika nacho paphewa. Anamufotokozera mwanayo kuti vuto latha: iwo azigwira mbali imodzi, munthu wina mbali inayo, mayi akakwera masitepe asanu azipuma pang'ono pamene chitsulo chikusunthidwa. Mwanayo anawayang'ana mmene amayang'anira wodwala amene wazula yekha diripi. Chitsulocho chinabwerera kumene chinachokera.

Nzeru yachiwiri inali yoti angokonza okha a anzawo. Lachiwiri m'mawa anagula babu n'kukwera pampando pa masitepe a adalaivala. Asanalizungulize n'komwe, mayi wa saluni anasuzumira kuchokera pamwamba, chipeso chili m'tsitsi, n'kuwakumbutsa mwaulemu wonse lamulo loyamba lija. Mayiyu anali ndi chifukwa. Zaka zinayi zapitazo, tsache lili kale m'manja, anapitirira n'kusesa masitepe ofiira aja mwa chifundo chabe, ndipo a Tepi anamulembera kalata ya masamba awiri. Kalatayo anaisunga. Anati ngati aiwala mmene inkayambira akhoza kuwawerengera.

A Tepi anawapeza adalaivala akutsuka galimoto. Adalaivalawo anamvetsera mwachifundo, anafunsa za mayi, anati Loweruka asavutike ndi mayendedwe, akawatenga okha kwaulere. Koma za masitepe anachita kufunsa kuti awo ndi ati. Atauzidwa, anakanda mutu n'kunena kuti sabata ino yavuta, mwina mwezi wamawa. Anawonjezera, osati mwachipongwe ayi, kuti iwo pa msonkhano uja anagwidwa mtima ndi mawu a bambo Tepi omwewo, oti munthu asamalipire chimene sachigwiritsa ntchito, ndipo mpaka lero amawauza anthu m'galimoto.

Kwa aphunzitsi anapita pomaliza, chifukwa n'kumene kunali kowawa. Aphunzitsi anawapatsa mpando, anawathirira tiyi, ndipo sananene kuti ndinakuuzani. Kusanenako kunapweteka kuposa kunena. Anati lamulo linapangidwa ndi msonkhano, lichotsedwanso ndi msonkhano, ndipo akhoza kuuitanitsa Lachitatu anthu akaweruka. Koma wofotokozera anthu chifukwa chake aliyense ayenera kupereka zofanana sakhalanso iwo. Iwo anafotokoza zaka khumi, mawu anawathera.

Msonkhano unachitikira pansi pa masitepe monga mwa nthawi zonse, aliyense ndi mpando wake wochokera kunyumba. A Tepi anali atakonza zolankhula masamba atatu. Anayamba ndi mbiri ya nyumbayo, anadutsa pa kukwera mtengo kwa penti, n'kufika pofotokoza kuti masitepe ali ngati msoko wa thalauza, woti ukalimbitsa pano n'kulumpha apo, munthu akawerama umamasuka wonse. Apa adalaivala anakweza chala. Anati za thalauza amva, koma iwo amakhala pansi. Chitseko chawo ndi ichi, galimoto ndi iyo. Masitepe awalipirire chiyani?

A Tepi anayang'ana pa pepala. Funsolo linali lawo lomwe, longotsika nsanjika zitatu. Anatchula za thanki, kuti madzi amene adalaivala amatsukira galimoto amachokera kudenga, ndipo wa mapaipi sauluka. Zinali zoona, anthu anagwedeza mitu, koma mikono inakhalabe pamiyendo. Mayi wa saluni anatulutsa kalata ija m'chikwama n'kuiika pabondo osaitsegula. Pamenepo a Tepi anapinda masamba awo atatu aja, n'kuvula tepi m'khosi. Ambiri anali asanawaonepo opanda tepi, ndipo khosi lawo linaoneka lowonda, la munthu wokalamba.

"Ndinalakwitsa muyezo," anatero. "Ndinayeza masitepe, oyendapo sindinawayeze. Asanu angawo ndi okongola, koma mkazi wanga sanawapondepo. Iye amayenda pa anu. Mukapanda kulola kuti tikonze onse pamodzi, Loweruka akupita, ndipo ine kukhala ndekha sindikutha."

 Woyamba kufwenthera anali mayi wa saluni, ndipo anafwenthera mokwiya ngati wina wamuponda chala. Anati kuvomera avomera, koma chifukwa cha amayi aja, amene ankamugwirira ana pamene iye ankayamba saluni, osati chifukwa cha nkhalamba iyi. Ndipo anali ndi mfundo yake: penti ikhale imodzi kuyambira pansi mpaka padenga, veleveti ichoke, polishi wofiira achoke. Adalaivala anayang'ana wotchi n'kukweza mkono monga anachitira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo anthu anatsatira monga anachitiranso nthawi ija. Chopereka cha masitepe chinabwerera, chofanana kwa aliyense, ndipo anagwirizana kuponya cha miyezi itatu nthawi imodzi kuti ntchito iyambe m'mawa mwake.

Lachinayi kunafika wowotcherera zitsulo ndi makina ake. Zidutswa zakale zonse zinali zoti zichoke, pabwere chitsulo chimodzi chosadukiza. Anafunsa kuti chikhale chotalika bwanji kuchokera pa sitepe, ndipo popeza za miyezo zinali ndi mwini wake, onse anatembenukira kwa a Tepi. Iwo sanayeze kanthu. Anatsinzina pang'ono n'kutchula nambala. Wowotchererayo anati nambalayo yatsikirapo poyerekeza ndi mmene amaikira kwina. A Tepi anati aike momwemo, kenako anamukakamira kumsana akuyeza mzati uliwonse kawirikawiri, mpaka munthuyo anapita kukadandaula kwa aphunzitsi kuti awapezere bambowa chochita china.

Aphunzitsi anawapatsa a Tepi bulashi. Penti imene komiti inagula inali yotuwa, mtundu wosasangalatsa munthu aliyense ndiponso wosakhumudwitsa munthu aliyense, ndipo a Tepi ataiona anakwinya nkhope. Anapenta kuyambira pansi. Anafufuta zipsera za matope za aphunzitsi, anafufuta mitengo yolukira tsitsi, mwini wake ataima pamwamba akuwauza pamene alumpha. Adalaivala anakwera koyamba m'moyo wawo kudzaika babu, ndipo ataona masitepe awo aja powala anati sankadziwa kuti ndi aakulu choncho. Lachisanu masana a Tepi anafika pa asanu awo. Anatsegula zipi ya veleveti, anatsitsa kamphika ka maluwa, anaima kanthawi bulashi ikudontha. Kunena zoona zinawapweteka, ndipo palibe amene anawapepesa. Mayi wokolopa uja anaitanidwanso, ndipo atafika anangoyang'ana m'mwamba n'kunena kuti achedwa, iye ankayembekeza kuti amuitananso chaka chachiwiri chomwe.

Loweruka cha m'ma teni takisi inaima pakhomo. Namwino uja anatsika yekha poyamba, anakwera mpaka pamwamba akugwedeza chitsulo ndi manja awiri ndi kuyatsa babu lililonse. Atatsika anangotsegula chitseko cha kumbuyo cha galimoto. Kwa iye kumeneko kunali kuyamikira.

Mayi anatsika ataonda, ndodo ya kuchipatala kudzanja limodzi. Anaika dzanja linalo pa chitsulo, anachisisita pang'ono, n'kuwayang'ana amuna awo. Masitepe makumi atatuwo anawatengera pafupifupi theka la ola. Pa nsanjika yachiwiri aphunzitsi anali atatulutsa mpando woti apumirepo, ndipo anadandaula mofatsa kuti chitsulo chatsopanochi iwo akuchita kuwerama kuti achigwire. Pa yachitatu mayi wa saluni anali ndi kapu ya madzi, ndipo ananena kuti tsitsi limenelo kuchipatala analiwononga, abwera mawa ndi chipeso. A Tepi ankabwera pambuyo, manja atatambasula, akuwerenga chamumtima koma milomo ikuoneka, thukuta lili kamukamu kuposa la wodwalayo.

Atafika pakhomo mayi sanalowe msanga. Anapuma, anayang'ana masitepe khumi opita kudenga, onse otuwa mofanana, n'kufunsa kuti otchuka aja ndi ati. A Tepi analoza mwamanyazi. Mayi anati akuoneka bwino, ngati masitepe. Kenako anagogoda chitsulo ndi chala.

"Ichi mwayeza ine, abambo ake."

A Tepi anayang'ana ngati aphunzitsi ali pafupi, n'kuvomera ndi mutu.

"Chakwera ndi theka la inchi."

Dzanja la a Tepi linathamangira m'khosi lokha. Nambala imeneyo, kuchokera pansi kufika pa dzanja, anaisokera madiresi zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo akanaitchula ngakhale ali m'tulo. Anali atakoka kale tepi pamene mayi anawagwira mkono.

"Musayeze. Nambala yanuyo ndi ya mtsikana wa diresi la buluu uja. Ine ndafupika, inu simunaone."

A Tepi anawayang'ana akazi awo bwinobwino, kuchokera kumutu mpaka ku nsonga ya ndodo, mmene anali asanawayang'anire zaka zambiri, ndipo theka la inchilo linalipodi.  Anapinda tepi n'kuiika m'thumba, anatsegula chitseko, anawalowetsa pang'onopang'ono mpaka pa mpando wawo wa pawindo. Chitini cha shuga chinali pa tebulo, pomwe munthu wokhala pansi angachifikire. Mwana atalowa kuchipinda kukaika zikwama, a Tepi anawerama n'kufunsa motsitsa mawu, kuti asamve, pamene pamakhala mchere.